Kapeti ya Salaula Pabalaza Pathu

Nyumba yathu ya ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, inali ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, ndipo chimene ndinkanyadira nacho kwambiri chinali pansi pake. Panali pa simenti yofiira. Polishi ndinkapanga ndekha. Ndinkasungunula makandulo pa mbaula, n'kuthiramo parafini ndi ufa wofiira uja amagulitsa anthu a zomangira, n'kutakasa mpaka zitagwirana. Loweruka m'mawa ndinkagwada n'kupaka, kenako n'kuponda bulashi ndi phazi kuyambira pakhomo mpaka kukhoma la kuchipinda. Mwana akataya phala, nsanza yonyowa inkangodutsapo kamodzi, nkhani yatha. Nthawi yotentha ana ankagona chafufumimba pa simentiyo chifukwa inkazizira ngati madzi a mumtsuko.

Ine ndi amuna anga tonse tinabadwira m'Kafue momwemo. Makolo athu ndi amene anachokera kum'mawa kudzagwira ntchito za njanji, anga ku Katete, awo ku Petauke. Amuna anga ankagwira ntchito kufakitale ya nsalu, pa makina oluka, ndipo ankatha kugwira nsalu ndi zala ziwiri n'kukuuzani ngati ikhalitsa kapena ayi. Nthawi ya nkhaniyi tinali ndi ana awiri, wamkazi amene anali atayamba sukulu ndi wamwamuna wa m'manja.

Boma litasintha, katundu wakunja anayamba kulowa ngati madzi osefukira. Zovala zakale zochokera kunja, zimene timati salaula, zinadzaza msika, ndipo nsalu za m'fakitale zinasowa wogula. Ntchito ya amuna anga inatha. Atakhala pakhomo miyezi ingapo, anachita zimene anzawo ambiri anachita: anayamba kukwera minibasi kupita ku Lusaka kukapikula salaula yemweyo amene anawadyera ntchito, n'kumadzagulitsa pansi pa mtengo pafupi ndi msika wa m'tauni.

Nthawi yomweyo nyumba zimene tinkachita lendi zinayamba kugulitsidwa kwa okhalamo. Ifenso tinagula yathu. Apa m'pamene matenda okongoletsa m'nyumba anagwa mu komboni. Kale nyumba zonse zinali zofanana, khoma lofanana, chitseko chofanana, ndipo palibe ankaloledwa kusintha kanthu. Tsopano aliyense anafuna kuti yake izioneka ngati ya kumayadi, koma ndalama za kumayadizo panalibe. Anthu anapaka makoma penti yapinki yothira madzi ambiri, imene inkatsalira pa malaya ukatsamira. Anapachika makatani a lesi a salaula, achikasu ndi utsi wa fodya wa anthu amene sitidzawaona. Maluwa a pulasitiki ankaima pakona atadera ndi fumbi ndi timadontho ta ntchentche. M'makabati agalasi munkaikidwa zitini za mabisiketi akunja zopanda kanthu ndi mabotolo a perefyumu otha. Nyumba ina ndinapeza zidole zaubweya zitandandalikidwa pa sofa, china chopanda diso, china chothothoka m'mimba, alendo n'kumakhala m'mphepete kuopa kuzisuntha. Ine ndinkangoluka vitambala vanga voyala pa mipando n'kumachapa kawirikawiri, ndipo ndinkaganiza kuti matendawo atidumpha.

Amene anayambitsa zonse kwa ife anali aneba athu, mayi wina wogulitsa tomato ndi kapenta pa kantemba kake kutsogolo kwa nyumba. Iwo anagula chipulasitiki chija choyala pansi, chojambulidwa ngati matailosi, n'kuitana aliyense kuti akaone. Amuna anga anakaona, ndipo atabwerako anaima n'kuyang'ana simenti yanga.

"Pansi pathu pano n'pachikale," anatero. "Pangokhala ngati pa khonde la kuchipatala."

Ndinaseka, poyesa nthabwala.

Patapita milungu ingapo, masana ena ndikuchapa panja, ndinaona bambo wina akukankha wilibala kuchokera kumsewu wa Lusaka. Pa wilibalapo panali chinthu chachitali chokulungidwa, chomangidwa ndi malegeni, nsonga zake zikukwekwerezeka m'fumbi. Amuna anga ankayenda pambali atachigwira ndi dzanja limodzi, nkhope ili ngwee.

"Amake mwana, siyani vochapa, bwerani muone. Manje nyumba yathu yakhala ya kumayadi."

Anachigwetsa pabwalo n'kudula malegeni. Inali kapeti, yaikulu kuposa pabalaza pathu, ya ubweya wautali, mtundu wake ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Isanatambasuke yonse, fungo linandipeza. Linali fungo la galu wonyowa ndi mvula, losakanikirana ndi mankhwala aja amapopera m'mabelo a salaula, ndipo pansi pa zonsezo panali kafungo kena kotsekemera, konga ka chinthu chimene changoyamba kumene kuwola. Ndinabwerera m'mbuyo nditagwira pamphuno ndi chitenge.

"Ndi fungo la m'sitima chabe," amuna anga anatero. "Yayenda ulendo wautali. Ikapuma mphepo lizatha."

Ndinayendayenda m'mbali mwake ndikuiyang'ana. Chapakati panali timaenje tinayi pamene ubweya unaphwatalala, totalikirana ngati miyendo ya bedi. Pambali pa timaenjeto panali banga lalikulu lofiirira, lokula ngati lichero, louma gwa. Ndinalikhudza ndi chala cha kuphazi ndipo linali lolimba ngati chikopa.

"Atate a mwana, apa panali bedi," ndinatero. "Ndipo amene ankagona pa bediyo sanali bwino. Taonani ichi."

"Ndi khofi. Azungu amamwera khofi kuchipinda."

"Khofi wa ndowa yonse?"

"Apo tiikapo tebulo. Simuzaonanso."

Ndinapempha kuti tiyambe taichapa ndi kuiyanika padzuwa. Iwo anakana. Anati kapeti sichapidwa ngati bulangete, imaonongeka, ndipo kuisiya panja kunali kuitanira akuba. Anaithira paudala wa mwana botolo lonse, n'kuimenya ndi ndodo. Fumbi limene linatuluka linali lotuwa ndi lolemera, ndipo linatera pa zovala zimene ndinali nditangochapa.

Tsiku lotsatira anabwera ndi chitini cha guluu uja amamatira nsapato. Wina anawauza kuti kapeti yeniyeni imamatidwa kuchokera khoma mpaka khoma, osati kungoyalidwa ngati mphasa. Koma guluu sagwira pa polishi. Choncho anatenga chikwanje chakale ndi bulashi yawaya n'kuyamba kupala simenti yanga. Ndinaimirira pakhomo la kukhitchini mwana ali kumbuyo, ndikumva kukwecha kwa chitsulo. Ntchito ya zaka zonse zija inkatuluka ngati mamba a nsomba. Ndinabwerera m'khitchini. Kwathu tinaphunzitsidwa kuti mwamuna akagula chinthu cha m'nyumba umayamika kaye, zodandaula pambuyo.

Pofika madzulo kapeti inali itamatidwa, yodulidwa ndi mpeni mokhotakhota m'makona. Kunena zoona, ukaima patali, dzuwa likamalowa pawindo, inkaoneka bwino. Amuna anga anavula nsapato n'kuyendapo uku ndi uku, zala za kumapazi zikumira m'ubweya. Anakhazikitsa lamulo pomwepo: munthu asalowe ndi nsapato, ana asadyere pabalaza.

Lamulolo silikanatheka. Khitchini yathu inali yoti munthu mmodzi akaima, wachiwiri adikire panja. Kunja kukakhala mphepo, nshima tinkadyera pabalaza pomwepo. Nyenyeswa zinkagwa, timitu ta kapenta tinkagwa, msuzi unkadontha, ndipo zonse zinkangomira m'ubweya osaonekanso. Ndikatenga tsache, fumbi linkakwera m'mwamba, n'kuzungulira, n'kubwerera pomwe linachoka. Kapeti ngati imeneyo eni ake amaiyeretsa ndi makina okoka fumbi, ndipo mu komboni monse munalibe anali nawo. Ndinkagwada ndi ndowa, sopo ndi bulashi. Madzi ankatuluka akuda ngati a m'ngalande, ndipo pamene ndatsukapo pankakhala chinyontho masiku ambiri. Mwana wamng'ono anali atayamba kukwawa, ndipo mwana wokwawa sasankha pokodzera.

Ubweya ndi umene unayamba kundidwalitsa mtima. Sunali wa kapetiyo ayi. Unali wina, woyera, wautali, wolimba, umene unkatuluka pansi pake tsiku ndi tsiku ngati ukumera. Ndinkaupeza pa zala za mwana, pakamwa pake, pa buledi, m'kapu ya tiyi. Tsiku lina ndikuchapa thewera ndinaupeza m'chimbudzi cha mwanayo, utapotana. Ndinakhala pansi pafupi ndi mpopi. Mwana wanga ankadya ubweya wa galu wa kudziko limene sindikulidziwa n'komwe.

Nditawauza amuna anga, anati ana onse amadya zinthu za pansi, ndipo iwonso ali mwana ankadya dothi koma anakula.

Kunja mbiri ya kapeti inali itafala. Azimayi ankabwera kudzapempha mchere n'cholinga choti aione. Ankavula mapatapata pakhomo n'kulowa ndi mapazi a ming'alu amene ayenda m'matope a kumsika, n'kumazikwirira zala m'ubweya uku akuyamikira. Aneba aja a kantemba anabwera, anaipondaponda, n'kunena kuti, "Iyi ndiye yeniyeni, ba neba. Yanga ija ni pepala chabe." Masiku a mpira anzawo a amuna anga ankadzaza pabalaza kudzaonera pa kanema wathu wamng'ono, onse atavula nsapato monga mwa lamulo. Azibambo amene akhala tsiku lonse padzuwa atavala nsapato za salaula popanda masokosi, mapazi awo onse pamodzi m'chipinda chimodzi chotseka. Akapita, fungo lawo linkatsala, kapeti n'kulisunga pamodzi ndi ena aja.

Kenako kunabwera utitiri. Mwana wanga wamkazi anayamba kukanda m'miyendo mpaka magazi. Ine ndikakhala pa sofa ndinkaona timadontho takuda tikudumphira pa akakolo. Amuna anga anati wachokera ku nkhuku za aneba. Anagula mankhwala a ufa ophera tizilombo kumsika n'kuwaza paliponse. Utitiri unachepa sabata imodzi, fungo linawonjezekera limodzi.

Zonsezi zinali m'chilimwe. Mvula itayamba m'pamene ndinadziwa kuti tinali tisanaone kanthu. Dera lathu ndi lotsika, madzi akagwa sathamanga, amangoima m'mabwalo. Chinyontho chimakwera kuchokera pansi n'kulowa mu simenti. Kale ndinkangopukuta ndi kutsegula chitseko, pofika masana pauma. Tsopano chinyonthocho chinalibe kotulukira. Kapeti inayamba kulemera. Ukaponda pafupi ndi khoma inkalira ngati ukuyenda m'dambo, ndipo phazi linkatuluka lonyowa. Mtundu wake unasintha, m'makona munayamba kubiriwira. Fungo linafika poti zovala zathu, ngakhale za m'sutikesi kuchipinda, zinkanunkha. Mwana wanga wamkazi anabwera kusukulu akulira kuti anzake akukana kukhala naye pa desiki.

M'mawa wina ndinasuntha sofa kuti ndisese kumbuyo kwake. Ndinapeza bowa. Tibowa totuwa, ta miyendo yoonda, titamera mumzere pa kapeti m'mphepete mwa khoma, tina titayamba kale kusungunuka n'kukhala madzi akuda. Sindinatikhudze. Ndinadikira amuna anga abwere kumsika, ndinawapatsa madzi osamba ndi chakudya, kenako ndinawatenga n'kukawaonetsa.

"Atate a mwana, m'nyumba mwathu mwamera bowa. Chotsani chinthu ichi, ndapota nanu."

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga pepala, anazula tibowato n'kukataya panja. Atabwerera anakhala pa mpando.

"Mvula ikatha izauma," anatero.

"Ana akudwala. Ine chakudya sichikulowa. Simukumva fungo inu?"

"Ndikumva." Kenako anati, "Amake mwana, ine ndinali munthu wopanga nsalu. Manje ndimakhala pansi pa mtengo kukuwa kuti anthu agule makabudula amene ena anavula. Anzanga amene tinali nawo pa makina akadutsa, timayang'ana kumbali tonse. Ndikafika pano n'kuvula nsapato n'kuponda apa, ndimamva ngati sindinagwe kwenikweni. Ndisiyireni kamodzi aka."

Ndinawamvera chisoni, ndipo sindinapitirize. Koma chisoni sichitseka mphuno. Ndinayamba kudyera panja pansi pa mtengo wa mango, ngakhale kukuwaza.

Nthawi imeneyo tinali titayamba kupemphera ku mpingo wina wa chipentekoste umene unkasonkhana m'kalasi ya sukulu. Ambiri anali achinyamata, a mitundu yosiyanasiyana, ena ogwira ntchito ku Lusaka, ena ogulitsa pamsika. Mkati mwa sabata tinkakumana m'magulu ang'onoang'ono m'nyumba za anthu mosinthana. Amuna anga anadzipereka okha kuti gulu libwere kwathu, ati chifukwa kwathu kuli pogwada pofewa. Ndinayesa kuwaletsa koma anali atalengeza kale.

Tsikulo ndinatsegula mawindo kuyambira m'mawa. Ndinawotcha makoko a malalanje pa mbaula n'kuzungulira nayo m'nyumba. Anthu anafika chakumasana, ndipo atangolowa mvula inayamba, yamphepo, moti tinatseka mawindo ndi chitseko. Ndinkaona mphuno zawo zikugwedera, koma aliyense anali ndi ulemu. Tinaimba. Kenako mtsogoleri wa gululo, m'bale wina wamtali amene ankagwira ntchito ya ukondakitala, anati tonse tigwade, nkhope pansi, tidzichepetse pamaso pa Mulungu.

Ine ndinagwada pafupi ndi chitseko nkhope ili m'mwamba. Ena onse anamvera. Anaika zipumi zawo pa kapeti ija. Mapemphero anayamba mwamphamvu, koma posakhalitsa mawu anayamba kuchepa, wina kutsokomola, wina kuyetsemula. Panali mlongo wina woyembekezera amene anagwada pafupi ndi tebulo, pomwe panali banga lija. Ndinamuona akudzuka mofulumira atagwira pakamwa, akuyang'ana chitseko, koma anthu anali atadzaza njira. Anasanza pomwepo, nshima ndi ndiwo zamasamba, pakati pa pabalaza.

Mapemphero anaima. Mlongoyo anayamba kulira ndi manyazi, azimayi awiri n'kumutulutsa pakhonde. Mtsogoleri uja anaimirira, chipumi chake chili ndi ubweya woyera, n'kuyang'ana pansi.

"Ba brother, iyi kapeti munaichotsa kuti?"

"Ku Lusaka," amuna anga anayankha. "Ya kunja."

"Ndinamva mu mzimu pamene ndinalowa. Vinthu va salaula vimabwera na mizimu ya eni ake. Muli chinthu muno chimene sichifuna mapemphero."

Ndinafuna kunena kuti chimene chili muno ndi mkodzo, nkhungu ndi galu, koma mkazi salankhula zotero pamaso pa alendo amuna ake ali pomwepo. Mtsogoleriyo anatulutsa botolo la mafuta odzozera m'thumba, n'kuyamba kuthira m'makona onse anayi ndi pa banga lija, akudzudzula mizimu kuti ibwerere kwawo kutsidya la nyanja. Anthu anavomereza ndi maameni, koma mvula itangodukiza onse anapeza zifukwa zothamangira kwawo. Tiyi amene ndinakonza palibe anamwa.

Ndinatsala ndi masanzi a munthu wina m'ubweya wautali. Ndinakokolola ndi chipande cha katoni, ndinatsuka, ndinathira phulusa, ndinatsukanso. Sizinachoke zonse. M'mawa mwake nyerere zinali zitapanga misewu kuchokera pakhomo kupita kumakona onse kumene kunathiridwa mafuta.

Amuna anga sanakambe za tsikulo. Koma ndinaona kuti anasiya kuitana anzawo a mpira.

Chimene chinathetsa nkhani ndi mwana wamng'ono. Anayamba chifuwa chosatha, cholira m'kati ngati kamwana ka mphaka. M'mawondo ndi m'manja munatuluka zilonda, ndipo kumaso kunabwera zipere ziwiri zozungulira. Tinapita naye kuchipatala tonse awiri, chifukwa tsiku limenelo anali wofooka ndipo amuna anga anati amunyamule okha. Namwino, mayi wachikulire ndithu, anamuvula mwanayo, anayang'ana zilonda, anayang'ana malo olumidwa ndi utitiri m'mimba monse. Kenako ananunkhiza shawelo imene tinamufunditsa n'kuiika patali.

"Mumagona na agalu m'nyumba?" anafunsa.

"Tilibe galu," amuna anga anatero.

"Nanga mwana uyu amakwawa pati? Chifukwa apa pali ponyowa na pauve pamene akhalira tsiku lonse. Mankhwala nizakupatsani, koma mukamubweza pamene paja muzabweranso."

Anafunsa mofatsa, mosanyoza, koma pa benchi panali anthu ena akumva. Amuna anga anayang'ana pansi. Pobwerera tinayenda m'mbali mwa njanji, iwo patsogolo mwana ali paphewa.

Titafika, anandipatsa mwana pabwalo. Anapita kuseri kwa nyumba n'kubwera ndi khasu ndi fosholo. Analowa m'nyumba nsapato zili kuphazi.

"Tulutsani mipando," anatero. "Ana akhale kwa aneba."

Anayambira pakona ya kuchitseko. Anakoka ndi manja, kapeti inang'ambika n'kutsala m'manja mwawo ngati nyama yofewa. Atalowetsa khasu pansi n'kutukula chigawo chachikulu, ndinaona zimene takhala tikuyendapo miyezi yonseyo. Kunsi kwake kunali kutasungunuka n'kukhala phala lakuda lonanda. Mphemvu zinatuluka zambirimbiri, zazikulu ndi tiana toyera, n'kubalalika kukwera makoma. Munali nyongolotsi, munali abongololo atadzipinda. Pamene panagwera masanzi ndi mafuta paja panali mphutsi zonenepa zikuyendayenda. Fungo limene linakwera silinali lija tinazolowera. Linali lonse pamodzi, la miyezi yonse, lotentha ngati mpweya wa m'kamwa. Ndinathamangira ku mtengo wa mango n'kusanza mpaka m'mimba munauma.

Amuna anga anamanga mpango pamphuno n'kupitiriza okha. Ndinkawamva akukhosomola, akulavula, khasu likulira pa simenti. Pamene guluu anagwira kwambiri, kapeti inkachoka ndi khungu la simenti lomwe, n'kusiya maenje. Nditapezako mphamvu ndinalowa kukawathandiza. Tinakokera zigawozo panja, zikuchucha madzi akuda, n'kuziunjika pa dzala kuseri kwa nyumba. Anathira parafini n'kuyatsa, koma zinali zonyowa kwambiri. Zinangofuka utsi wonunkha kwa kanthawi, moto n'kuzima. Tinazisiya kuti ziume kaye.

Pansi tinakolopa ndi madzi otentha ndi mankhwala ophera tizilombo masiku angapo. Panatsala pamabangamabanga, pena pofiira, pena potuwa, pena pa guluu wachikasu amene anakana kuchoka. Panali ponyansa kuona, koma pankauma. Tinayala mphasa ya bango imene ndinkatha kuitulutsa padzuwa m'mawa uliwonse. Chifuwa cha mwana chinayamba kuchepa, zilonda zinauma. Mvula itatha, mnzawo wina wa amuna anga wa kufakitale, amene tsopano anali mmisiri womanga, anadzatiikira simenti ina pamwamba, yotuwa wamba.

Koma mulu uja wa kudzala sitinauwotche. Patangopita masiku awiri chiutayireni, ndinapita kukataya zinyalala n'kupeza zigawo zazikulu zonse palibe. Panangotsala tizidutswa ndi dothi lakuda. Ndinaganiza kuti atenga anthu oweta nkhumba kapena oika pa denga la khola, ndipo sindinafunse.

Patapita milungu ingapo aneba aja a kantemba anandiitana pa mpanda.

"Ba neba, bwerani mumweko tiyi. Muone vamene nachita mu nyumba."

Ndinapita. Ndisanafike pakhomo ndinalimva fungo lija. Iwo anatsegula chitseko monyadira. Chipulasitiki chawo chija anali atachisamutsira kuchipinda. Pabalaza ponse panali kapeti yathu. Anaiyanika pa denga, anaipala kunsi, anadula mopsa ndi moto, n'kulumikiza zigawozo ndi ulusi wa matumba a ufa. Banga lija linalipo, pafupi ndi kabati, theka lake litabisika ndi mphika wa maluwa a pulasitiki. Mdzukulu wawo wamng'ono anali atakhala pakati akudya chitumbuwa. Chinamugwa m'manja, anachitola, anachotsa kaubweya kamodzi n'kuchiika m'kamwa.

"Munataya chinthu chabwino," mayiwo anatero. "Vulani nsapato, ba neba."

Ndinaima pakhomo. Ndinawauza zonse, za bowa, za mphutsi, za mawu a namwino. Ndinawapempha kuti angomuchotsapo mwanayo. Anandimvetsera akumwetulira, mutu uli pambali.

"Imwe simunaziwe kasungidwe kake," anatero. "Kapeti ifuna munthu waukhondo."

Ndinawauza kuti ndasiya mphika pamoto, ndipo ndinabwerera. Kunyumba ndinasamba m'manja ndi kumaso ngakhale sindinakhudze kanthu. Madzulo nditawafotokozera amuna anga, anasiya kudya, anasamba m'manja, n'kunena kuti ana athu asakalowenso m'nyumba imeneyo.

Mayiwo anakhala nayo kapetiyo mpaka mvula ya chaka chotsatira. Tinapitiriza kugulana tomato ndi kupatsana moni pa mpanda monga kale. Akabwera kudzacheza ndinkawatulutsira kampando panja, ndipo ankakhala pamenepo akundifotokozera za makatani atsopano amene afika kumsika, uku akukanda akakolo ndi chidendene cha phazi linalo.